Kuseri kwa Kauntala: Ntchito ya Woyang'anira Laibulale ya Anthu Onse

Buku likaikidwa pa shelefu yolakwika, kusiyana kwake ndi buku lobedwa n'kochepa. M'kaundula dzina lake lilimo, m'nyumbamo lilimo ndithu, koma amene wabwera kudzalifuna abwerera chimanjamanja. N'chifukwa chake woyang'anira laibulale wodziwa ntchito yake amayamba tsiku zitseko zisanatsegulidwe. Amayenda shelefu ndi shelefu, chala chili pamisana ya mabuku, kuwerenga manambala: 510, 512, 516, kenako n'kupeza la 540, la Chemistry, lalowerera pakati pa mabuku a masamu. Nthawi zina ndi wowerenga amene anangolilowetsa pomwe panali mpata. Koma mayeso a Fomu 4 akayandikira, kawirikawiri amakhala mwana wasukulu amene walibisa dala kuti mawa adzalipeze yekha, poti buku labwino la Chemistry lilipo limodzi ndipo olifuna ndi khamu. Mwanayo ndimamumvetsa. Komabe bukulo liyenera kubwerera pamalo pake, chifukwa anzake amene ali pamzere panjapo nawonso alemba mayeso omwewo.

Kuno ku Malawi malaibulale a anthu onse amayendetsedwa ndi National Library Service, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967 n'kuyamba ntchito mu 1968. Likulu lake lili ku City Centre ku Lilongwe, nthambi zake zili ku Blantyre, ku Mzuzu ndi m'maboma ena, ndipo limaperekanso mabuku ku timalaibulale ta m'sukulu ndi m'madera. Ena amaganiza kuti bungweli ndi limene limasunga buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno. Udindo umenewo uli ndi National Archives ku Zomba, kumene lamulo limalamula osindikiza kutumizako mabuku awo. Ntchito ziwirizi zimasiyana mtima. Wa ku Zomba amasunga buku kuti zidzukulu zidzalipeze lili bwinobwino. Wa ku laibulale ya anthu amakondwa buku likamatha ndi manja a owerenga, ndipo chimene chimamusowetsa mtendere ndi buku lonyezimira lomwe lakhala zaka khumi popanda wolitsegula.

Kuchoka m'katoni kufika pa shelefu

Wowerenga amangoona buku lili pamalo pake. Sadziwa kuti ladutsa m'manja kangati. Katoni ikatsegulidwa, buku lililonse amaliyang'ana ngati masamba ake ali onse komanso ngati sanasokonezeke posindikiza. Kenako limalembedwa m'kaundula wamkulu n'kupatsidwa nambala yakeyake. Mabuku asanu ofanana ndendende amalandira manambala asanu, kuti limodzi likasowa zidziwike kuti lasowa ndi liti. Limadindidwa chidindo patsamba loyamba, m'mphepete mwa masamba, komanso patsamba lina lam'kati limene ogwira ntchito anagwirizana. Wakuba amang'amba tsamba loyamba, koma lam'katilo saliganizira, ndipo bukulo likadzapezeka likugulitsidwa m'mbali mwa msewu mwini wake amadziwika.

Zikatero pamabwera ntchito yofuna mutu: kulipatsa nambala ya phunziro. Malaibulale ambiri a anthu onse amatsata njira imene Melvil Dewey wa ku America anatulutsa mu 1876. Iye anagawa nzeru zonse m'magulu khumi, kuyambira 000 mpaka 900, gulu lililonse n'kuligawanso pakhumi, n'kumapitirira choncho. Zachipembedzo zili pa 200, malamulo pa 340, maphunziro pa 370, zaumoyo pa 610, ulimi pa 630. Mukalowa m'kati mwa ulimi, ziweto zili pa 636, nkhuku pa 636.5, chimanga pa 633.15. Nambalayo imalembedwa pamsana pa buku pamodzi ndi zilembo zitatu zoyambirira za dzina la mlembi. Ubwino wake ndi woti munthu amene wazolowera laibulale ya ku Mzuzu sasochera akalowa ya ku Blantyre.

Koma mabuku samvera manambala nthawi zonse. Tengani buku lofotokoza Gule Wamkulu. Liikidwe pa chipembedzo, pa miyambo, kapena pa magule? Buku la kuweta nkhuku ngati bizinesi lipite kwa alimi kapena kwa amalonda? Lili ndi malo amodzi okha pa shelefu, ndiye woyang'anira ayenera kulisanthula, kuona chimene mlembi watsindika, n'kudzifunsa kuti munthu wa kuno akamalifuna adzayamba kuyang'ana pati. Mitu inayo amailemba m'katalogi, mndandanda wa mabuku onse a m'laibulale, kuti wofufuza alipeze ngakhale atalowera khomo lina.

Njira ya Dewey ilinso ndi chilema chimene timachimva kwambiri ife a kuno. Inapangidwa ndi munthu amene ankaona dziko ali ku America zaka pafupifupi 150 zapitazo. Chikhristu chinatenga manambala kuyambira 220 mpaka m'ma 280, pamene Chisilamu chonse chili pa 297. Zolembalemba za ku America zili ndi 810, za ku England 820, za ku Germany 830, za ku France 840, koma zolembedwa m'zilankhulo za mu Africa zinapanikizidwa pa 896. Mbiri ya Malawi muipeza kutali, pa 968.97. Laibulale ya ku Mangochi kapena ku Machinga ikangotsata manambala mwachimbulimbuli, zimene anthu ake amazifuna kwambiri zimakathera kungodya yakumapeto. Pachifukwa ichi malaibulale ambiri m'dziko muno amapatula mashelefu a mabuku okhudza Malawi, amene amawatcha Malawiana, n'kuwaika poonekera.

Mphatso zina n'zolemetsa

M'mabuku ophunzitsa ntchitoyi amati woyang'anira aziona zosowa za anthu ake, n'kugula mabuku oyenera. Kwathu kuno ndalama zogulira mabuku n'zochepa, ndipo mabuku ambiri amagulidwa ndi ndalama zakunja, kotero kwacha ikagwa mtengo wake umakwera nthawi yomweyo. Zotsatira zake n'zakuti gawo lalikulu la zimene zili pa shelefu ndi mphatso. Zina n'zabwino zedi. Bungwe la Book Aid International la ku London, limene linayamba mu 1954, limatumiza mabuku atsopano operekedwa ndi osindikiza a ku Britain, ndipo limafunsa kaye zimene malaibulale akusowa. Koma pali makatoni ena ochokera kwa anthu akufuna kwabwino amene angosesa m'nyumba zawo: malangizo a makompyuta omwe anasiya kupangidwa kalekale, kalimidwe ka maluwa m'dziko la chipale chofewa, malamulo a misonkho a dziko lina. Katoni yotere imadya malo, imadya nthawi ya wolemba m'kaundula, ndipo alendo akaona mashelefu odzaza amapita akuganiza kuti mabuku alipo okwanira.

Apa m'pamene pamafunika kulimba mtima. Kukana mphatso pachikhalidwe chathu n'kovuta, ndipo kuchotsa buku pa shelefu n'kovuta koposa, chifukwa likangolembedwa m'kaundula lasanduka katundu wa boma amene owerengera chuma adzamufunsa. Komatu mlimi amene akuopa kupatulira chimanga amakolola tizitsononkho. Ndipo mabuku ena akakalamba amasanduka oopsa. Dziko lino linasiya kugwiritsa ntchito chloroquine ngati mankhwala oyamba a malungo mu 1993 n'kutenga SP, ndipo mu 2007 linasinthanso kupita ku LA. Buku la zaumoyo la m'ma 1980 likakhalabe pa 616 popanda chenjezo, mayi amene mwana wake watentha thupi akhoza kulikhulupirira. N'chimodzimodzi buku la malamulo lofotokoza Konsitichushoni ya 1966 ngati kuti ikugwirabe ntchito, kapena buku la silabasi imene MANEB inasiya kufunsa. Mabuku otere ali ndi malo ake kwa ofufuza mbiri, koma pa shelefu ya aliyense ayenera kuchokapo.

Chimene mphatso zakunja sizingabweretse ndi mabuku a m'zilankhulo zathu. Palibe wosindikiza wa ku London amene ali ndi nkhokwe ya mabuku a Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, ndipo osindikiza a kuno amathamangira mabuku a sukulu chifukwa ndi amene ali ndi msika. Mwana wa Sitandade 2 amene wangoyamba kulumikiza zilembo amafuna kankhani ka m'chilankhulo chimene amalota nacho. National Library Service inaona kusowaku n'kuyamba kusindikiza yokha timabuku ta ana totchedwa Werengani, ndipo inagwiranso ntchito ndi a UNESCO kuyenda m'midzi kujambula nthano kuchokera pakamwa pa agogo. Ine ndimaona kuti ntchito ziwirizi n'zina mwa zofunika kwambiri zimene bungweli lachita, chifukwa pamenepa woyang'anira laibulale anasiya kudikira katoni n'kuyamba kupanga zimene anthu ake akusowa.

Funso limene munthu wabwera nalo

Luso lalikulu pantchitoyi silioneka n'komwe, chifukwa limachitika m'mawu ochepa pa kauntala. Anthu ambiri safunsa chimene akufunadi. Ena ndi manyazi, ena sadziwa kuti chinthucho chimatchedwa chiyani, ena amaopa kuoneka osaphunzira. Tiyerekeze kuti alowa mayi a zaka za m'ma 40, chikwama asiya pakhomo, ayima chapatali.

"Takulandirani mayi. Tikuthandizeni?"

"Ndimafuna buku la malamulo."

Wogwira ntchito waulesi angoloza chala: "Pitani pa 340 apo." Mayiwo akaima kutsogolo kwa mabuku akuluakulu a Chingerezi, atsegula limodzi, alitseka, n'kutuluka osadzabweranso. Wodziwa ntchito amatsitsa mawu.

"Malamulo alipo ambiri, mayi. Mukufuna okhudza malo, ntchito, kapena za m'banja?"

"Za m'banja." Akhala chete pang'ono. "Bambo a kunyumba anatisiya mwezi wathawu. Ndiye achibale awo akuti nyumba ija ndi yawo."

"Pepani kwambiri mayi. Khalani pampando apa, ndikubweretsereni."

Tsopano funso ladziwika. Chimene mayiwa akufuna ndi lamulo la 2011 lokhudza chuma cha masiye, limene limateteza mkazi ndi ana a malemu ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Woyang'anira alipeza, awaonetsa ndime zake, awafotokozera m'Chichewa zimene zalembedwa. Pamenepo ayenera kudziwanso polekezera. Iye si loya, ndipo sangawauze kuti mlandu wawo utha bwanji. Amawalembera papepala kuti apite ku ofesi ya DC kapena ku Legal Aid Bureau, kumene osauka amathandizidwa pa milandu. Mayiwo atuluka osabwereka buku lililonse, ndipo m'chiwerengero cha mabuku obwerekedwa tsiku limenelo saonekamo.

Katswiri wa ntchitoyi wa ku India, S. R. Ranganathan, analemba mu 1931 kuti laibulale isamatayitse wowerenga nthawi. Kwathu kuno mawu amenewa ali ndi mtengo wake weniweni. Munthu amene wabwera kudzafunsa walipira minibasi kapena kabaza, mwina wasiya geni yake ndi mnzake. Kumuuza kuti "mubwere mawa" n'kumulipiritsa kawiri.

Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu imadziwika dziko lonse: mnyamata amene anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi panthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina amphepo opangira magetsi atayang'ana zithunzi m'mabuku a sayansi. Anthu akamaikamba amatama mnyamatayo, ndipo n'zoyenera. Koma mabukuwo anawapeza m'kalaibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale, ndipo panali munthu amene analola mwana wosavala yunifolomu, wa Chingerezi chopereweza, kulowa ndi kubwereka mobwerezabwereza. Akanamubweza pakhomo, palibe akanadziwa kuti dziko lataya chiyani.

Mpando, kuwala ndi bata

Tinene zoona: ambiri amene amadzaza malaibulale athu sabwera kudzabwereka mabuku. Amabwera ndi makope awo. Chimene akufuna ndi tebulo, kuwala ndi malo opanda phokoso, zinthu zimene m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Ndirande kapena ku Kawale simungazipeze. Pali a Fomu 4, obwereza mayeso, ophunzira zaunamwino ndi zowerengera ndalama, aphunzitsi amene akuwonjezera maphunziro. Ena amadandaula kuti laibulale yasanduka kalasi. Ine sindiona cholakwika, bola woyang'anira akumbukire kuti nyumbayo ndi ya enanso.

Ndiye tsiku lake limathera pa milandu ing'onoing'ono. Wina wasiya kope pampando kuyambira m'mawa kuti asungire mnzake amene sanafike. Wina foni yake ikulira. Buku limene aliyense akulifuna amalisunga kuseri kwa kauntala n'kumalibwereketsa kwa maola owerengeka, munthu atasiya chitupa. Likabwerera amaliyang'ana, chifukwa pali ena amene amadula mutu wonse ndi lezala, ndipo wotsatira amadzazindikira atafika patsamba 84 n'kupeza lotsatira ndi 97. Pangodya ya nyuzipepala pamakhala abambo opuma pantchito amene amawerenga The Nation ndi The Daily Times kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, pamene mnyamata wofuna ntchito akudikira kuti angoona masamba a malonda. Onsewa ali ndi ufulu wofanana, ndipo wogawa nthawi ndi yemweyo.

Ana ndiye amafuna zosiyana ndi onsewa. Mwana saphunzira kukonda buku atakhala duu. Amafuna kuloza chithunzi, kufunsa, kuseka, kuyankha "Tili tonse!" wina akati "Padangokhala." Laibulale imene ili ndi chipinda cha ana payokha ili ndi mwayi. Imene ilibe imayala mphasa pakhonde kapena pansi pa mtengo Loweruka m'mawa.

Chinsinsi cha wowerenga

Woyang'anira laibulale amadziwa zambiri za anthu a m'dera lake. Amadziwa mtsikana amene wabwereka buku la za mimba, bambo amene akuwerenga za HIV, wantchito amene akufufuza za kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo. Mwambo wa ntchitoyi padziko lonse ndi woti zimenezi sizituluka pakamwa pake, ngakhale atafunsa ndi kholo, abusa kapena bwana. M'tauni yaing'ono mmene aliyense amadziwa mnzake, kusunga pakamwa kotere n'kovuta, koma kukangosweka kamodzi anthu amasiya kufunsa zimene zikuwadya mumtima.

Achikulire pantchitoyi amakumbukira nthawi imene vuto linali lina. Lamulo la 1968 lounika mabuku ndi zisangalalo linapatsa Censorship Board mphamvu yoletsa mabuku, ndipo mu ulamuliro wa chipani chimodzi mabuku ambiri analetsedwa. Buku likaletsedwa linkayenera kuchoka pa shelefu. Zinthu zinasintha pambuyo pa riferendamu ya 1993, ndipo lero tili ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020. Komabe chiyeso chija sichinathe. Masiku ano chimabwera ndi kholo kapena mtsogoleri wa mpingo amene akufuna buku lakutilakuti lichotsedwe, ndipo nthawi zina chimachokera mumtima mwa woyang'anira yemwe, akakumana ndi buku lotsutsana ndi chikhulupiriro chake. Ntchito imamufunsa kuti aliike pa shelefu mofanana ndi limene amalikonda.

Chiswe, fumbi ndi moto

Adani a mabuku ndi odziwika. Chiswe chimakwera mwakachetechete kuseri kwa shelefu yathabwa, ndipo pozindikira chimakhala chitadya mzere wonse kuchokera kumsana. Mphemvu zimakonda guluu, makoswe amafuna zomangira zisa, denga likadontha m'dzinja mabuku amachita chuku, m'chilimwe fumbi la Okutobala limalowa paliponse. Choncho mashelefu amawasuntha kuti asagunde khoma, ndipo m'kabati mwa woyang'anira simusowa guluu, singano, ulusi ndi pulasitiki yokutira. Buku limene chikuto chake chayamba kulekana ndi masamba likasokedwa lero likhala zaka zina zingapo.

Moto ndiye sukambirana. Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa. Mabuku a sayansi ochokera kunja amatha kugulidwanso kapena kupemphedwa. Ovuta ndi a kuno, amene anasindikizidwa kamodzi, ochepa, wosindikiza wake n'kutseka.

Makompyuta abweretsa mpumulo ndi ntchito yatsopano. Pulogalamu ngati Koha, imene inayambira ku New Zealand ndipo ndi yaulere, imasunga katalogi ndi kaundula wa obwereka, moti kufufuza kumene kunkatenga theka la ola m'madirowa a makhadi kumatheka m'kanthawi kochepa. Koma magetsi akazima mzere suyima, ndiye kope ndi cholembera zimakhala pafupi. Ndipo kumene kuli intaneti, woyang'anira wasanduka mphunzitsi: kutsegulira munthu imelo yake yoyamba, kumuthandiza kulemba CV, kumuonetsa kuti uthenga wa pa WhatsApp wolonjeza ntchito kunja akalipira kaye ndalama ndi msampha. Maphunziro a ntchitoyi alipo, satifiketi ya Malawi Library Association ndi digiri ya ku Mzuzu University, koma m'laibulale yaing'ono munthu mmodzi yemweyo ndi amene amasesa, kudinda, kusoka, kuphunzitsa ndi kulemba lipoti la pamwezi.

Buku likapanda kubwerera

Kubwereketsa n'kukhulupirira munthu. M'madera athu ambiri nyumba zilibe manambala, anthu amasamuka lendi ikakwera, nambala ya foni imasintha. N'chifukwa chake polembetsa umembala nthawi zambiri pamafunika wina wokuchitira umboni, monga mphunzitsi wamkulu kapena bwana wa kuntchito. Tsiku lobweza limadindidwa pakapepala kam'kati mwa chikuto, ndipo wochedwa amalipira chindapusa.

Chindapusacho chili ndi mbali ziwiri. Chimakumbutsa anthu kuti buku ndi la onse. Koma mwana amene wachedwa milungu itatu, ndipo kwawo ndalama ya ndiwo ikuvuta, amachita mantha. Sabweza bukulo, ndipo iye mwini sapondanso pakhomopo. Laibulale yataya zonse ziwiri. Malaibulale a mumzinda wa Chicago anasiya kulipiritsa ochedwa mu 2019, a ku New York anatsatira mu 2021, ataona kuti chindapusa chimathamangitsa kwambiri osauka, amenenso ndi osowa laibulale koposa. Iwo ali ndi ndalama zogulira buku lina likasowa, pamene kwathu buku la Biology likapita lapita, ndipo kalasi yonse ya chaka chimenecho ivutika. Choncho sindinganene kuti tingotengera zimenezo mmene zilili. Chimene ndimachiona chanzeru n'choti woyang'anira apatsidwe mphamvu yokhululukira chindapusa akaona kuti chikutsekereza buku kubwerera, atumize uthenga kudzera kwa aphunzitsi kuti mwanayo angobwera nalo popanda kukalipiridwa, ndipo akafika amulole kubwereka lina tsiku lomwelo.